Ntchito yathu ndi fayilo ya wantchito

Kaofesi kathu kali m'tauni ya Zomba muno. Timakonza ndi kusunga mapepala a nkhani za ntchito, koma si ife maloya. Tinayamba titaona eni malo ogona alendo, mabekale ndi makampani a alonda akugonja ku Khoti la za Ntchito, n'kuthamangira kukachita apilo ku Khoti Lalikulu, n'kubwerako chimanjamanja.

Ambiri sadziwa zimene apilo imaunika. Gawo 65 la Labour Relations Act ya 1996 limalola apilo pa mfundo ya lamulo kapena ya mphamvu za khotilo basi. Zoti mlonda anagonadi pageti kapena ayi, zimathera kukhoti loyamba lija. Komanso apilo payokha siimitsa chigamulo. Loya wanu akapanda kupempha chiletso padera, masherifu angathe kudzanyamula firiji ndi mipando apilo ili m'kati.

N'chifukwa chake mphamvu zathu timaziika koyambirira. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, komanso kuti amvedwe kaye, ndipo gawo 61 limati udindo wosonyeza chifukwacho ndi wa bwana. Ndiye m'fayilo timafuna kalata yomuitana yonena mlandu ndi tsiku, zokambirana zonse zolembedwa, maina a omwe analipo kuphatikizapo woimira yuniyoni, ndi kalata yomuchotsa yotchula chifukwa chomwecho. Pomwe pamalakwika kwambiri ndi pa siginecha. Timalandira mabuku a hadikava olembedwa bwino masamba atatu, pansi popanda dzina la wantchito ngakhale chidindo cha chala. Iye akakana kuti sanaitanidwe, bukulo silikuthandizani kwenikweni.

Chipukuta misozi cha wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo chimawerengedwa ndi zaka zomwe wagwira ntchito. Chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka 5, ndipo chimakwera mpaka mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira zaka 15.

Mayuniyoni nawonso timawathandiza, makamaka kaundula wa mamembala, poti kuti akambirane ndi bwana pakampani pamafunika kuti ogwira ntchito 20 pa 100 alionse akhale mamembala awo. Sitigwirira mbali zonse ziwiri pa nkhani imodzi.

Chigamulo chikatuluka, bwerani nacho tsiku lomwelo kuti fayilo ipite kwa loya. Masiku ochitira apilo ndi 30, ndipo amawerengedwa kuyambira tsiku limene khoti lagamula, osati limene pepala lafika m'manja mwanu.