Katapila wa alamu wayambanso kukumba ku Bembeke

Pakati pa sabata ndimagwira choko m'kalasi, koma Loweruka likafika manja anga amafuna sipanala. Ndinayambira pa njinga zamoto ndi mainjini a chigayo, ndipo chaka chino ndi pamene ndayamba kuphunzira zamagetsi za makina akuluakulu. Ntchito ya masiku apitawa yandiphunzitsa zambiri, ndiye ndati ndiilembe ndisanaiwale.

Lachinayi madzulo alamu anandiimbira foni ali kudimba. Katapila wawo, uja anagula wogwirapo kale ntchito kuchokera ku UK, anali atafooka pakati pokumba damu lothirira mbatatesi ndi kabichi. Injini ikulira bwinobwino, koma mkono ukukwera mwaulesi, ndipo m'kabini mukuyaka nyali yochenjeza za AdBlue. "Alamu, thanki ndi yodzaza, ndathira ndekha dzulo. Nanga chikufunanso chiyani chimakinachi?"

AdBlue, amene ena amati DEF, ndi madzi aja amathiridwa m'thanki yaing'ono ya chivindikiro chabuluu. Pa magawo 100 alionse, 32.5 ndi Urea woyengeka bwino, 67.5 ndi madzi ochotsedwa mchere wonse. Pampu imawapopera m'paipi ya utsi, kutentha kumawasandutsa amoniya, ndipo amoniyayo akafika mu SCR, chipangizo chotsuka utsi chimene chili pa paipiyo, amaphwanya mpweya woipa wa NOx kukhala nayitirojeni ndi nthunzi. Kompyuta ya injini ikangokayikira kuti zimenezi sizikuyenda, imachepetsa dala mphamvu pang'onopang'ono mpaka makina kutsala pang'ono kuima. Choncho katapilayo sanali wodwala injini ayi, anali womangidwa manja ndi kompyuta yake yomwe.

Loweruka ndinalawirira, nkhungu idakali gwaa, kuzizira kwa July kwa kuno ku Dedza kukuluma zala. Mnyamata amene amayendetsa makinawo anali atagamula kale kuti madziwo aundana. Ndinamuuza kuti AdBlue amaundana pa -11°C, ndipo Bembeke ngakhale azizire chotani safika pamenepo.

Nditalumikiza kamakina kanga kowerengera zolakwika, panatuluka manambala atatu: SPN 1761, SPN 3031 ndi SPN 3364, onse ali ndi FMI 9. Yoyamba ndi ya mlingo wa madzi m'thanki, yachiwiri ndi ya kutentha kwake, yachitatu ndi ya ubwino wa madziwo. Apa ndinakhala kaye pansi n'kuganiza. Zinthu zitatu zosiyana sizifa tsiku limodzi popanda chozilumikiza. Zonsezi zimayezedwa ndi chipangizo chimodzi chimene chimalowa m'thanki kuchokera pamwamba, ndipo chimatumiza uthenga wake pa mawaya awiri opotana a CAN, njira imene zipangizo za makina zimalankhulirana ndi kompyuta. FMI 9 sinena kuti madzi ndi oipa kapena atha. Imanena kuti uthenga sukufika pa nthawi yake. Ndiye kuti kaya sensa yafa, kaya ili moyo koma njira yake yaduka.

Alamu anali atafunsa kale mtengo wa sensa yatsopano ku Lilongwe, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti mtengowo sunali wamasewera. Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi asanatulutse ndalama.

Madziwo ndinawayezabe, kuti mtima ukhale m'malo. Dontho limodzi pa refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa Urea m'madzi, linaonetsa 32.4, pamene mlingo wovomerezeka ndi kuyambira 31.8 mpaka 33.2. Madzi alibe mlandu.

Kenaka tinazimitsa injini, n'kudikira kuti pampu imalize kubweza madzi m'thanki, n'kuchotsa mabatire. Nditatsegula chitseko cha m'mbali, ndinaona chimene chinandipatsa chiyembekezo: pamwamba pa thanki ponse panali poyera ngati pathiridwa mchere, ndipo zoyerazo zinali zitakwera ndi mawaya mpaka kulowa m'pulagi. Ameneyo ndi Urea wouma. Nditafunsa, mnyamata uja anati amathira pogwiritsa ntchito botolo lodula pakati, ndiye nthawi zonse ena amatayikira pambali. Sindinamudzudzule, chifukwa palibe anamuuzapo kuti madzi ooneka ngati akumwawa amadya kopa.

Pa mawaya a CAN, mabatire atachotsedwa, multimeter, mita yoyezera zamagetsi, iyenera kuonetsa ma ohm 60 ngati njira ili bwino, chifukwa kumapeto onse awiri kuli resistor ya ma ohm 120, ndipo ziwirizo pamodzi zimapereka theka lake. Nditayeza pakamwa pa pulagi, manambala ankangodumphadumpha, ndikagwedeza waya n'kuzimiririka. Nditayeza kumbuyo kwa pulagi, pa mawaya enieniwo, 60 anabwera n'kukhazikika. Ndinamva kukoma mumtima. Nditasolola timapini, kamodzi kanali kobiriwira ndi dzimbiri, ndipo kanathyokera m'zala zanga.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Alongo anga anatitenthetsera madzi pamoto, ndinatsuka zoyera zonse chifukwa Urea amasungunuka msanga, n'kusiya kuti paume padzuwa. Timapini tatsopano ndinalibe, ndiye Lolemba nditaweruka ndinakatipeza kwa wokonza magetsi a malole ku boma. Lachiwiri madzulo ndinadula mawaya mpaka pamene kopa ankawala, n'kufinyira timapini tonse tinayi, osati kothyoka kokha, n'kubwezera timphira totchinga madzi. Titabwezera mabatire n'kuliza, mlingo wa thanki unaonekanso, manambala atatu aja anachoka pa zolakwika zimene zilipo, ndipo injini itatentha mkono unakwera ndi mphamvu zake zonse. Alamu anangoti, "Zikomo alamu, mwandiwombola," n'kupita kukandikumbira thumba la mbatatesi.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu obwera kudzaonerera ananena zimene sindinagwirizane nazo. Bambo wina wachikulire anafunsa chifukwa chimene tikuvutikira kugula madzi odula chonsecho Urea ali m'nyumba iliyonse. Funso lake ndi lomveka, poti dzina ndi limodzi. Koma feteleza wa m'thumba amakhala ndi zina zosakaniza zoti asagwirane, ndipo madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umatseka kabowo kopoperako n'kuwononga SCR. Pamenepo ndiye ndalama zingatuluke zenizeni. Wina anati tingochotsa zonsezo pakompyuta, makina aziyenda opanda AdBlue. Ine ayi. Utsi umenewo amapuma ndi mnyamata wokhala m'kabini tsiku lonse ndi amayi olima madimba pafupi ndi damulo, ndipo makina ochotsedwa zinthu mwachinyengo amavuta kuwapima akadzadwalanso.

Ndapezanso chizolowezi china chofunika kusintha. Poweruka, mnyamatayo amazimitsa injini n'kuthamangira kutseka switch ya mabatire nthawi yomweyo. Pampu imafunika mphindi zochepa kuti ibweze madzi otsala m'mapaipi, apo ayi amaumira momwemo. Tagwirizana kuti azidikira mpaka pampu itakhala chete. Zigubu za AdBlue nazonso tazichotsa padzuwa n'kuziika m'nyumba, poti kutentha kumawaononga.

Loweruka likubwerali ndibwererako ndi fanelo yapulasitiki yoti izigwira ntchito imeneyi yokha. Ndikufunanso kusuntha mawayawo kuti pulagi ikhale pamwambako, kutali ndi pothirira, ndi kumasula kopopera ka paipi ya utsi kuti ndione ngati sikanamange zoyera mkati. Damu latsala mbali ya kumunsi yokha, ndipo alamu akuti likhala litatha August asanathe.