Mwezi wa 7: bleza ija ndaibweza ndekha, koma bulauzi imodzi yapsa

Ndachedwa kulemba mwezi uno, pepani, chimfine cha chiperoni chinandigoneka sabata yathunthu ndipo zala zinali zitauma moti ngakhale kulowetsa ulusi pasingano kumandikanika. Kwa amene mwangondipeza kumene nkhani yake ndi iyi: mu Januwale ndinadziikira lamulo loti ndalama ya zovala isadutse K25,000 pamwezi, salale ikangolowa ndimatapa ndalamayo n'kuika mu envulopu, ikatha yatha basi. Zobwereka ku banki m'khonde chifukwa choti ndaona deresi pa sitetasi ya munthu ndinasiya, chaka chatha zinandichititsa manyazi zimenezo, ndinafika pobweza ngongole miyezi itatu ya deresi yomwe ndinavala kamodzi kokha.

Nde za mwezi uno. Mukukumbukira bleza yabuluu wodera ija ndinatola ku Limbe mu Juni pa K6,000? Ija ndinati mapewa ali bho koma thupi lake mutha kulowamo anthu awiri? Yatheka abale. Ndaivala Lolemba kuntchito ndipo mnzanga wina wa mu ofesi anaigwira pamkono n'kundifunsa kuti ndaitanitsa ku Joni kapena, ine kungoseka osayankha kkkk.

Ndifotokoze bwino mmene ndinachitira chifukwa apa ndi pamene ndaphunzira zambiri kuposa miyezi yonse yapitayi. Choyamba, bleza ya pakaunjika muziyang'ana mapewa, zina zonse zimakonzeka. Mapewa akakula kapena akachepa isiyeni ngakhale itakongola bwanji, muli timasiponji ndi nsalu zomata mkatimo, ngakhale matelala ambiri amazemba kugwirapo. Yangayi msoko wa phewa unkagwera ndendende pomwe fupa limathera, nde ndinadziwa kuti ntchito ili m'mbali mokha. Ndinaivala motembenuza, mng'ono wanga n'kumandibaya mapini m'mbali zonse ziwiri kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, uku akudandaula kuti akuphonya filimu yake. Choko cha atelala ndilibe, ndimalembera kachidutswa ka sopo kaja kamatsala kopyapyala, kamalemba bwino pansalu yakuda ndipo kamachoka ndi madzi. Kenako ndinasoka pamanja ndi ulusi woyera, masitichi akuluakulu ongogwirizira, n'kuvalanso, n'kukweza manja, n'kukhala pampando ngati ndili pa desiki. Apa m'pomwe ndinaona kuti ndathina kwambiri pachifuwa, batani limakoka nsalu n'kupanga timakwinya. Ndinamasula n'kubweza pang'ono, mwina sentimita imodzi mbali iliyonse. Ndikanathamangira makina ndikanalira.

Chovuta chinali layiningi, nsalu ya mkati mwa bleza ija. Kuti ufike pamsoko weniweni umayenera kumasula layiningi pansi, nde ine ndi lezala langa phee ndikudula ulusi umodziumodzi, foni inalira, ndinatembenuka, lezala linadutsa pansalu ya layiningiyo kabowo ngati kutalika kwa chala. Mxiii. Ndinakhala kaye chete. Mwamwayi ndi mkati, ndaikapo kachigamba ka chitenje chofiira ndipo zoona zake kakuoneka ngati dala, ndikavula bleza n'kuikoleka pampando kamaonekera pang'ono ndipo ndimakakonda.

Makina ndikugwiritsa ntchito aja a amayi, Butterfly yopalasa ndi mapazi yomwe inangokhala pakona zaka ndi zaka ataivundikira nsalu n'kuikapo maluwa apulasitiki. Sabata yoyamba ulusi wapansi unkangokolana n'kupanga chisa kuseri kwa nsalu, ndinathira mafuta, ndinasintha singano, osatheka. Ndinanyamula kabobini ndi kachidutswa komwe ndinayeserapo kupita kwa abambo ena amasoka pakhonde la golosale kufupi ndi kwathu. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, mwanawe vuto silili pansi, ulusi wapamwamba wadumphitsa penapake, kakoleke bwino phazi la makina lili m'mwamba. Ndinati bambo zoona? Anati pita ukayese, ukalephera ubwere nawo mutu wa makinawo. Ndipo zinalidi choncho, ulusi sunalowe pakati pa timbale tija timaufinya. Sanandilipiritse, ndinangowagulira Fanta tsiku lina ndikudutsa. Penapake ndimamva chisoni kuti ndikuwalanda kasitomala, poti kale zonsezi ndinkapititsa kwa iwo, koma zipi za majinzi ndi manja a madiresi ndizipititsabe, zimenezo sindinafikepo.

Za ndalama, mu envulopu mwatsala K2,000. Siketi yakuda ya pensulo K5,500, mabulauzi awiri K7,000 onse pamodzi nditanenerera mpaka mayi wogulitsayo anati asisi mukufuna ana anga adye chiyani, chitenje K8,000, ndipo ulusi, zipi ndi mabatani zinadya K2,500. Mukaona zinthu zinayi zokha pa K23,000 mutha kuseka, makamaka amene mumakumbukira nthawi yomwe K500 inkagula bulauzi yabwinobwino. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 belo silinatsikenso, ndipo mu Febuluwale 2025 tonse tinaona ogulitsa kaunjika ku Lilongwe akuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha mitengo ya mabelo. Nde pano ndikamanenerera ndimakhala ndi malire, munthu akakuuza kuti pamenepa ndiye ndaluza nthawi zina akunena zoona. Chomwe ndasintha ndi nthawi yopita. Tsiku lotsegula belo zabwino zimakhalapo koma mtengo wake wa nambala wani, ndipo atsikana ogulitsa pa WhatsApp amakhala atafika kale m'mawa kusankhiratu. Ine ndimapita zikatsala, madzulo, mulu utatsika mtengo, chifukwa zomwe anthu asiya nthawi zambiri sizoipa ayi, n'zazikulu chabe kapena batani lathothoka kapena mpendero wamasuka. Kale ndinkazidutsa, pano ndi zomwe ndimasaka. Ku DAPP nakonso ndimasuzumira mitengo ikamatsika chakumapeto katundu watsopano asanalowe, koma mwezi uno sindinapezeko kanthu, munali majuzi okhaokha.

M'chikwama mwanga simuchoka tepi. Masayizi olembedwa pakolala musamawakhulupirire, zovalazi zimachokera maiko osiyanasiyana, 12 ya ku UK ndi 40 ya ku Ulaya ndi 8 ya ku America n'chimodzimodzi, ndiye wina amaona 8 n'kusiya poganiza kuti sakwana. Njira ija yozunguliza chiuno cha siketi pakhosi imagwira nthawi zina koma ine inandinamizapo kawiri, mwina khosi langa ndi lomwe lili ndi vuto. Ndimayeza chiuno ndi mahipi pa tepi, kenako ndimakweza chovalacho kudzuwa kuti timabowo tionekere, ndimayang'ana kukhwapa ngati kuli chikasu, ndimatsegula ndi kutseka zipi katatu. Banga la kukhwapa silichoka, musadzinamize kuti Jik ithana nalo, ndinayesa mu Malichi ndipo bulauzi yonse inasanduka mawangamawanga.

Tsopano nkhani yowawa. Imodzi mwa mabulauzi awiri aja, ya kirimu yoterera ngati silika, yokhala ndi kariboni pakhosi, ndi yomwe ndinagulira kuti izilowa mkati mwa bleza. Ndinaichapa bwinobwino, ndinaviika m'madzi a viniga pang'ono kuti fungo la belo lichoke, ndinayanika pamthunzi. Lamlungu usiku magetsi anathima, ine n'kuti ndisite ndi simbi ya makala ya aneba. Ndinayesa kutentha pa chitenje chakale, zinali bwino, koma chitenje ndi thonje abale, bulauziyo inali poliyesita. Simbi itangokhudza kumsana ndinamva kafungo ka jumbo yopsa, kukweza simbi nsalu inabwera nayo limodzi. Bowo la chithunzi cha simbi ndendende. Mng'ono wanga anaseka mpaka kutsamira chitseko. K3,500 yapita choncho, ndadulako riboni ndi mabatani ndasunga mu chitini cha bisiketi, chotsalacho ndikupukutira makina. Kalebulo kamkati kanali ndi chizindikiro cha simbi chokhala ndi kadontho kamodzi, kutanthauza moto wochepetsetsa, ndinakaona nditawotcha kale.

Chinthu china chomwe ndayamba mwezi uno, ngakhale ndinagula mu Meyi, ndi thalauza ya pamulu wa azibambo. Atsikana yesani izi. Mathalauza a suti achimuna nsalu yake imakhala yolemera bwino, matumba ake enieni olowa foni, ndipo kumbuyo pamsoko wapakati amasiya nsalu yambiri dala kuti munthu athe kubweza kapena kukuza chiuno. Ndinabweza chiuno pamenepo, miyendo ndinaisiya yotakata momwemo, ndinangopinda pansi kuti izigwera pa gogoda wanga wakuda uja. Amayi atabwera kuchokera ku Zomba anandipeza nditavala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, iwe nthawi yathu ukanagona kupolisi. Sankanena nthabwala, lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo mpaka linachotsedwa mu 1993, iwo utsikana wawo wonse anathera mu madiresi aatali ndi chitenje pamwamba. Koma atatero anagwada n'kugwira mpendero wanga, akuti wasoka mokhota apa, bweretsa singano. Anaumasula wonse n'kuusokanso pamanja ndi kasokedwe kena kosaoneka kunja, amangotola kaulusi kamodzi ka nsalu n'kudumpha, kamodzi n'kudumpha. Ndinajambula vidiyo manja awo kuti ndiziyeserera. Thalauzayo sanaiyamikire mpaka anapita, koma mpendero anauyamikira poti ndi wawo.

Ndawerenga zomwe zili mu wadiropu kuyambira Januwale: zinthu 19 zomwe ndagula, 3 ndinalakwitsa kugula ndipo ndapatsa mng'ono wanga, imodzi ya Jik, imodzi ya simbi. Zotsalazo ndi 14 ndipo pafupifupi zonse ndazigwirapo ndi singano penapake. Chomwe chikundidabwitsa n'choti kuntchito anthu akuganiza kuti ndili ndi zovala zambiri kuposa kale, pomwe kale wadiropu inkachita kukana kutseka. Kungoti kale theka la zovalazo linali loti apa pathina apa pakhwepa, nde m'mawa uliwonse ndinkabwerera ku madiresi awiri omwe aja. Komanso ndinasiya kugula mitundu ili yonse, pano ndi zakuda, zabuluu wodera, kirimu, kenako chitenje kapena mpango ndi zomwe zimabweretsa moto. Ndolo ndi zomwezija za K1,000 za mu Epulo. Nsapato sindinagule chaka chino, gogoda ndinakaikitsa timphira tatsopano kwa osoka nsapato ndipo polishi ndimapaka Lamlungu lililonse ngati mwana wa sukulu.

Ena munandifunsa ngati zitenje zachipani zomwe zimakhala mbwee nyengo ya kampeni sizingathandize bajeti. Kkkk ayi zikomo, kumanga pakhomo pochapa kapena kuyeserapo kudula kokha, ndipo ndi zomwe ndikuchita nazo chimodzi chomwe anandipatsa azakhali, nkhope ya munthu ili pa mkono wa bulauzi yoyeserera.

Chifukwa chake ndikuyeserera n'choti chitenje cha K8,000 chija ndi cha chinkhoswe cha msuweni wanga kumapeto kwa Ogasiti, tonse a kuchikazi tinagwirizana mtundu umodzi, wobiriwira wokhala ndi timasamba tagolide. Anzanga onse apititsa kale kwa atelala. Ine ndanena pagulu kuti siketi ndisoka ndekha, ndipo pano ndikunong'oneza bondo kuti ndinayankhuliranji. Ndachiviika kale m'madzi amchere, chinasuluka pang'ono madzi oyamba koma achiwiri anali oyera, ndachisita, ndachipinda, chili pa bedi. Mamita awiri okha, ndikalakwitsa kudula palibe pobwerera ndipo mu envulopu muli K2,000. Sizasi ndanoletsa dzulo. Amene munasokapo siketi ya mapanelo sikisi ndi mamita awiri ndiuzeni ngati imakwana pa mahipi a 42 inchesi, apo ayi ndingopanga yowongoka yong'amba kumbuyo, zipi ndikaikitse kwa abambo aja.