Mitu 34 ku Roma, ndi agogo amene anatisowa

Ntchito yanga ndi yowerenga mitu. Pakhadi la kuofesi anandilembera udindo womveka bwino, koma gulu likangonyamuka ku Lilongwe, ine ndimawerenga anthu pokwera basi, potsika, potuluka m'tchalitchi, mpaka kutulo ndimalota ndikuwerenga. Ulendo wa mu Okutobala 2025 ndinali ndi anthu 34: amayi ambiri ochokera m'maparishi a ku Dedza ndi ku Lilongwe, azibambo asanu ndi awiri, sisitere mmodzi, ndi wansembe amene tonse tinkangowatchula kuti Abambo. Ine ndine wa CCAP. Abwana amati n'chifukwa chake amandituma maulendo a Akatolika, poti sindingatengeke ndi korona n'kuiwala kuti basi ikudikira.

Thukuta lenileni linatuluka miyezi inayi tisananyamuke, pothamangira maviza ndi kusaka ndalama zakunja, zimene aliyense wa kuno akudziwa mmene zikusowera. Amayi ena anagulitsa ng'ombe, ena anawalipirira ana awo a ku Joni. Munthu wotero akakuimbira foni usiku kufunsa ngati pasipoti yake yabwera, sumamuyankha mwaulesi.

Tinafika ku Roma Lolemba m'mawa, titadutsira ku Addis Ababa. Mwayi wake unali wakuti nyengo imeneyo nthawi ya ku Italy imafanana ndi yathu, choncho panalibe zosintha mawotchi. Tinkagona kunyumba ya masisitere, yotchipirako kusiyana ndi hotela, koma ya malamulo: geti limatsekedwa usiku ndipo salitsegulira munthu aliyense. Ndisanagawe makiyi ndinalanda mapasipoti onse 34 n'kuwasunga ndekha. Bambo wina, mphunzitsi wamkulu wopuma, anadandaula kuti ndikuwatenga ngati ana a sukulu. Chakudya chamadzulo chitabwera anayang'ana pasta ija kwa nthawi yaitali n'kufunsa sisitere wathu kuti, "Amayi, nanga chakudya chenicheni chikubwera?"

Lachiwiri linali tsiku la tchalitchi cha Petulo Woyera ku Vatican. Chinali Chaka Choyera, chimene Akatolika amachita zaka 25 zilizonse, ndiye Khomo Loyera, limene amalitsegula m'chaka chotero chokha, linali lotsegula ndipo anthu anali ngati nyerere. Pakhomo salola mapewa kapena mawondo apamtunda. Azungu ena ankawabweza, koma athu analowa bwinobwino atavala zitenje zawo za yunifolomu, ndipo mayi mmodzi anabwereka chitenje mtsikana wachizungu amene anatsala pang'ono kulira. Wotiperekeza anali mayi wa ku Italy wolankhula Chingelezi chothamanga. Iye akanena, ine ndinkamasulira m'timawayilesi ta m'makutu: kuti tchalitchichi anachipatula mu 1626, kuti guwa lalikulu lili pamwamba pa manda a Petulo, kuti phazi la chifanizo chake cha mkuwa linasalala chifukwa cha manja a anthu olisisita kwa zaka mazanamazana. Ambiri ankafuna kutsikira kumalo ofukulidwa pansi pa tchalitchi, komwe kuli mandawo, koma kumeneko amalola anthu ochepa patsiku ndipo umayenera kupempha miyezi ingapo m'mbuyo. Ndinapempha mochedwa. Limenelo ndi vuto langa, ndipo ndinawauza choncho.

Titatuluka ndinawerenga: 33. Ndinabwereza: 33. Osowa anali agogo ena a kufupi ndi Bembeke, a zaka zoposa 75, opanda foni, osadziwa liwu limodzi la Chingelezi. Mtima unandithawa. M'tchalitchimo simubwerera kudzera kotulukira, ndiye ndinachonderera mlonda ndi manja, ndi mndandanda wa mayina, mpaka anandilola. Ndinayenda mphindi 40 ndikuyang'ana chitenje chathu pakati pa anthu masauzande. Ndinawapeza pafupi ndi polowera, kudzanja lamanja, patsogolo pang'ono pa chosema cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu. Anali atagwada pa manda a Papa John Paul II, amene anawasamutsira pamenepo mu 2011.

Ndinagwada pambali pawo n'kunong'ona, "Agogo, anthu akukudikirani panja." Sanatembenuke. Anati, "Mwanawe, awa anabwera kwathu. Ndinakawaona ku Blantyre ndili ndi mwana kumsana. Lero ndawabwezera ulendo. Kodi mlendo amangoti odi n'kutembenuka pakhomo?" Ankanena za Meyi 1989, pamene Papayo anayendera Malawi. Mwana anali kumsana uja, anandiuza pambuyo pake, anamwalira zaka zingapo zapitazo. Ndinali ndi mawu ambiri okhudza basi, ndi dalaivala amene sangaime paliponse chifukwa mabasi a alendo ku Roma amaima malo oikika okha ndiponso kwa mphindi zowerengeka. Sindinanene ngakhale limodzi. Ndinadikira amalize makumi awiri a korona, kenako ndinawagwira mkono.

Tsikulo tinaluza nkhomaliro imene tinali titalipira kale.

Lachitatu tinadzuka mbandakucha kukapeza malo pabwalo, pomwe Papa Leo XIV amakumana ndi anthu. Tinakhala maola anayi, iye anadutsa pagalimoto yoyera kwa masekondi owerengeka, amayi anaimba nthungululu akukupiza mbendera ya Malawi, ndipo theka la zithunzi zimene anajambula zinali za misana ya anthu ena. Palibe anadandaula. Ine ndinangosangalala kuti madzi a m'mipope ya m'misewu ya Roma ndi aulere ndiponso abwino kumwa, chifukwa ogula m'mabotolo akanatimaliza.

Pepala langa la Lachinayi linali ndi malo anayi. Tinafika malo atatu okha. Chinatigwetsa ndi Scala Santa, masitepe 28 a pafupi ndi tchalitchi cha Lateran, amene mwambo umati ndi omwe Yesu anakwera popita kwa Pilato, ndipo anawabweretsa kuchokera ku Yerusalemu ndi Helena, mayi wa mfumu Constantine. Pamasitepe amenewa sakwera ndi mapazi koma ndi mawondo. Ndinali nditalemba mphindi 30. Sindinaganize kuti aliyense adzaima pa sitepe iliyonse kunena pemphero, kapena kuti amayi odwala nyamakazi amene dzulo lake ankapempha kuti ndiwafunire njinga ya olumala ndi omwe adzakhale patsogolo. Pambali pali masitepe ena oyenda ndi mapazi. Ndinawalozera, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Panapita ola limodzi ndi theka. Kunena zoona, amene timakonza maulendowa timawerengera nthawi ngati tikutenga anthu okaona nyama ku Liwonde, ndiye timapanikiza malo ambiri kuti kabuku kotsatsa malonda kaoneke kodzaza. Woyenda ulendo wa mapemphero akadasankha yekha, akadatenga malo awiri patsiku.

Ku tchalitchi cha Santa Maria Maggiore tinadutsa pa manda a Papa Francis, amene anamwalira mu Epulo chaka chomwecho. Ndi mwala wamba wolembedwa liwu limodzi, Franciscus. Bambo wina anang'ung'udza kuti kumudzi kwawo kuli ziliza zokongola kuposa pamenepo. Abambo anamuyankha kuti mwini wakeyo ndi amene anafuna choncho. Madzulo, titachoka ku tchalitchi cha Paulo Woyera komwe tinaona unyolo umene amati anamangidwa nawo, mphunzitsi wamkulu uja anapisidwa m'thumba m'sitima ya pansi. Anamutengera chikwama cha ndalama. Nkhani ya mapasipoti sanaitchulenso.

Lachisanu tinapita ku Assisi, kwawo kwa Francis Woyera, ulendo wa maola awiri ndi theka pa basi. Tauniyo ili paphiri, ndipo kuchokera poimika mabasi n'chitunda chokhachokha. Kumeneko ndi kumene ndinadziwa chimene chinali m'zikwama za m'manja zimene amayi sankalola kuti ndiwanyamulire. Anali makalata. Aliyense anatumidwa ndi a m'mphakati wake, achibale, ngakhale oyandikana nawo a mipingo ina: timapepala tong'amba m'makope a ana a sukulu, tolembedwa mayina a odwala, a ofuna ntchito, a maukwati ogwedezeka. Mayi wina anali ndi mapepala oposa 60. Pa manda a Francis Woyera, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, anakhala pabenchi n'kuyamba kuwerenga dzina limodzilimodzi. Francis anamwalira mu 1226, ndipo manda ake anabisika mpaka anawapezanso mu 1818. Zimenezo ndinazimasulira, koma sindikhulupirira kuti alipo anamva. Ine ndinkawerenga mitu 34, pamene iwo m'mitima mwawo anabwera ndi midzi yathunthu.

Misa anatipatsa kachipinda kopemphereramo kwa mphindi 45, ndipo Abambo anachita m'Chichewa. Nyimbo itakoma, amayi anaiwala kuti ali kwa eni ake. M'bale wina wa chipani cha Francis Woyera anasuzumira pakhomo chala chili pamlomo, anamvetsera pang'ono, kenako anangotseka chitseko bwinobwino n'kuchoka. Titatsika kuchokera ku tchalitchi cha Clare Woyera tinapita kukaona Carlo Acutis, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo anali atangolengezedwa kukhala woyera mu Seputembala. Wagona m'galasi atavala jinzi ndi nsapato zothamangira. Pamenepa ndi pamene amayi analira kwambiri sabata yonseyo. Wina anandikoka dzanja n'kuti, "Achemwali, taonani nsapatozo, ngati za mwana wanga ndithu."

Loweruka linatha ndi kugula makorona, mazanamazana, ndi ine kulimbana ndi sikelo. Ndinalalikira kangapo kuti madzi odalitsa aikidwe m'chikwama chachikulu chifukwa m'mabwalo a ndege ambiri salola botolo loposa mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Usiku masisitere anatibwereka khitchini, ndipo ufa umene amayi awiri anabisa m'katundu wawo unatuluka. Mthiko panalibe, anavundulira chipande cha supu. Mphunzitsi wamkulu anadya mitanda inayi osalankhula.

Pabwalo la ndege la Kamuzu, Lamulungu masana, ndinawerenga komaliza: 34. Ndikugawa mapasipoti, agogo aja anandifumbatitsa korona yamtengo. Ndinati, "Agogo, paja ine ndine wa CCAP." Anati, "Ndikudziwa. Uziwerengera anthu ako pamenepo." Lolemba abwana anafuna lipoti lofotokoza nkhomaliro 34 zimene sizinadyedwe ndi ndalama yowonjezera ya dalaivala. Ndinalemba kuti kunali mizere yaitali.