Ndowa ya kuno si yotungira madzi

Abale anga ochokera ku Lilongwe ndi Dedza, mukamva wina kuno ku Mangochi akuti "Loweruka kuli ndowa kwa Makanjira", musaganize za chotungira madzi. Akunena ukwati wa Chisilamu. Mawuwa ndi achibale ndi "ndoa" wa Chiswahili, ndipo anafika kuno ndi malonda a Ayao ndi anthu a kugombe, monga ku Kilwa, m'zaka za m'ma 1800. Shehe akamamanga ukwatiwo amati nikah, la Chiarabu, ndipo mphatso yomwe mwamuna amapereka kwa mkazi wake ndi mahari. Imeneyi ndi ya mkaziyo, osati ya makolo.

Koma ine mawu omwe amandikhudza kwambiri ndi nkhoswe. Chinkhoswe chatengera dzina pamenepo: ndi tsiku lomwe amalume a mbali zonse amadziwana, kupatsana tambala ndi thadzi, n'kulonjeza kuti banjali likagwedezeka adzakhala pansi kulikonza. Masiku ano tikuthamangira perekaniperekani, mbale n'kudzaza ndalama, ankhoswe ena osadziwana n'komwe. Zimenezi zimandiwawa. Inu a zitenje zofanana, kodi nkhoswe ya mwana wanu mukuidziwa kwawo?