Zimene kamera imasiya kumbali

Pa phunziro la zofalitsa nkhani limene ndikuchita, takhala tikuonera mapulogalamu a zinyama zakutchire pamodzi ndi nkhani za nkhondo, kenako n'kumafunsana kuti woonera wamba amatolapo chiyani. Poyamba zinthu ziwirizi zimaoneka kutalikirana, koma ndikamaziika pamodzi ndikuona chizolowezi chimodzi. Wailesi yakanema ikamaonetsa zinyama imachotsamo anthu ndi ndale zawo, ndipo ikamaonetsa anthu akuphana kapena kufa ndi njala, imazionetsa ngati tsoka longogwa lokha, lopanda mwini.

Chitsanzo chimene chandigwira mtima kwambiri ndi cha chigwa cha Serengeti ku Tanzania. Bernhard Grzimek, yemwe ankayang'anira malo osungirako zinyama a mumzinda wa Frankfurt, anali ndi pulogalamu ya zinyama pa wailesi yakanema ya ku Germany kuyambira 1956, ndipo inakhalapo zaka pafupifupi 30. Mu 1959 anatulutsa filimu ya Serengeti yomwe inapata mphoto ya Oscar. Anthu miyandamiyanda ku Ulaya anaona nyumbu ndi mbidzi zikukhamukira m'chigwa chachikulu chopanda mudzi, chopanda ng'ombe, chopanda mbusa. Chaka chomwecho, boma la atsamunda la Britain linasamutsa Amasai amene ankadyetsa ng'ombe zawo m'chigwacho n'kuwapititsa ku Ngorongoro. Chigwacho chinaoneka chopanda anthu chifukwa anthuwo anachita kuchotsedwa. Mkanganowu sunathe mpaka lero: mu June 2022 apolisi a ku Tanzania analimbana ndi Amasai ku Loliondo pa nkhani yomweyi ya malo. Koma chaka chilichonse timaonera nyumbu zikuwoloka mtsinje wa Mara, ng'ona zili tcheru m'madzi, nyimbo yochititsa nthumanzi ikulira pansipansi, ndipo palibe mawu ngakhale amodzi onena kuti malowa akukanganiridwa ndi ndani.

Zachinyengo zenizeni zilipo ndithu. Filimu ya Disney ya mu 1958 inaonetsa timakoswe totchedwa lemming tikudziponya m'madzi kuchokera pathanthwe, ndipo patapita zaka atolankhani a wailesi ya CBC ku Canada anaulula kuti ojambulawo ankachita kutikankha. Mpaka pano anthu ambiri amakhulupirirabe kuti tinyamati timadzipha tokha. Mu 2011 BBC inadzudzulidwa zitadziwika kuti ana a chimbalangondo choyera amene anaoneka mu pulogalamu ya Frozen Planet anajambulidwa m'malo osungirako zinyama ku Netherlands. Komabe bodza lotere limagwidwa, mwini wake n'kuchita manyazi. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chithunzi choona chimene achidulira m'mbali, chifukwa palibe amene angaloze kuti apa mwanama.

Pa 23 October 1984, BBC inaulutsa lipoti la Michael Buerk kuchokera ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia. Wojambula anali Mohamed Amin wa ku Kenya. Tinaonera lipotili m'kalasi ndipo munachita kuti zii. Kamera imayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu atafunda nsanza m'bandakucha, utsi uli tolo, mayi akulira atanyamula kamtembo ka mwana wake. Buerk anayerekezera njalayo ndi miliri ya m'Baibulo. Lipotili linadzutsa dziko lonse, linabala chikondwerero cha nyimbo cha Live Aid mu July 1985, ndipo anthu ambiri anapulumuka chifukwa cha thandizo limene linatsatira. Izi sindikuzichepetsa m'pang'ono pomwe, ndipo Amin ndimamulemekeza: anadzataya mkono wake mu 1991 akujambula ku Addis Ababa pamene nkhokwe ya zida inaphulika.

Koma amene anaonera anatsala ndi chithunzi chakuti mvula inakana basi. Chilala chinalipo, inde. Panalinso nkhondo pakati pa boma la Mengistu Haile Mariam ndi magulu oukira a ku Tigray ndi Eritrea. Asilikali ankaphulitsa misika, kuwononga mbewu ndi kutseka njira zodzera chakudya, ndipo boma linasamutsa anthu pafupifupi 600,000 mokakamiza kupita nawo kummwera. Madokotala a bungwe la MSF la ku France atadzudzula kusamutsaku, anathamangitsidwa m'dzikomo kumapeto kwa 1985. Njala ikaonetsedwa ngati mkwiyo wa thambo, munthu amapisa m'thumba n'kupereka, koma safunsa kuti walamula asilikaliwo ndani.

Apa m'pamene kafukufuku wa Shanto Iyengar, amene anatuluka mu 1991, anandithandiza kumvetsa. Iye ankaonetsa anthu nkhani za pa kanema zokhudza umphawi, ena n'kuwaonetsa nkhani ya munthu mmodzi wosauka, ena nkhani yofotokoza mmene umphawi ukuyendera m'dziko lonse. Amene anaona munthu mmodzi ankakonda kunena kuti vuto ndi la munthuyo. Amene anaona nkhani yotambasula ankaloza boma ndi kayendetsedwe ka chuma. Tsono wailesi yakanema imakonda mtundu woyambawo, chifukwa nkhope imajambulika pamene lamulo la malo kapena ndondomeko ya boma sizijambulika. Izi zikuwonjezera pa zimene Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anapeza pa chisankho cha ku America cha 1968, zakuti nkhani zimene ofalitsa amazibwereza kwambiri n'zimene ovota amaziona kuti ndi zofunika. Choncho mkonzi amasankha kawiri: chimene tione, ndiponso mbali imene tichionere.

Za Rwanda ndimalemba mtima uli wolemera. Kuyambira April mpaka July 1994 anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa. Kuphako kunali kokonzedwa: mayina analembedweratu, achinyamata a Interahamwe anaphunzitsidwa, misewu inatsekedwa kuti aone ziphaso zosonyeza mtundu wa munthu, ndipo wailesi ya RTLM inkatchula kumene anthu abisala. Koma masabata oyambirira, malipoti ambiri akunja ankati ndi chidani chakalekale cha mitundu chimene changobuka. Kalankhulidwe kameneka n'kofanana ndi kamene timamva wofotokoza pa pulogalamu ya zinyama akamati mikango ndi afisi ndi adani achibadwa. Munthu akamva choncho amangoti ndi mmene alili, palibe chochita. Atolankhani ambiri pa nthawiyo anali ku South Africa kudikira chisankho cha pa 27 April. Makamera anadzachuluka mu July ku Goma, mzinda wa ku Congo wa m'malire ndi Rwanda, kolera itabuka m'misasa ya othawa kwawo, ndipo oonera ambiri sanadziwe kuti pakati pa othawawo panali anthu amene anatsogolera kuphako.

Mnzanga wina m'kalasi anati tisamawaweruze kwambiri ojambula, poti nkhani imodzi imapatsidwa mphindi ziwiri zokha, ulendo ndi wodula, ndiponso amene ali ndi mfuti ndiye amauza kamera pomwe ingafike. Akunena zoona. Koma kuchepa kwa nthawi sikufotokoza chifukwa chake chodulidwa chimakhala chomwechomwecho nthawi zonse. Pa 9 April 2003 mawailesi anabwereza maola ambiri chithunzi cha chiboliboli cha Saddam Hussein chikugwetsedwa pa bwalo la Firdos ku Baghdad. Chojambulidwa pafupi chinkaoneka ngati mzinda wonse wasonkhana. Chojambulidwa patali chinkaonetsa bwalo lalikulu lokhala ndi anthu ochepa, akasinja a America atazungulira, ndipo galimoto ya asilikali ndiyo inakoka chibolibolicho. Zithunzi zonse ziwiri zinalipo, mkonzi anasankha chimodzi.

Nkhani imene ndasankha kulembapo ntchito yanga yomaliza ndi ya Virunga, kummawa kwa dziko la Congo, chifukwa kumeneko zinyama ndi nkhondo sizingalekanitsidwe ngakhale mkonzi atafuna. Mu July 2007 anyani akuluakulu a gorila a banja limodzi anawomberedwa, ndipo chithunzi cha anthu atanyamula mtembo wa gorila wamphongo wotsogolera banjalo pa mitengo chinafika paliponse. Dziko linalira, ndipo linayenera kulira. Patangopita miyezi yochepa, bungwe lothandiza anthu ovutika la IRC linayerekezera kuti anthu 5.4 miliyoni anali atamwalira ku Congo kuyambira 1998 chifukwa cha nkhondo ndi matenda ndi njala zobwera nayo, koma nkhaniyi sinkapeza malo pa kanema ngati mmene anawapezera anyaniwo. Ofufuza analumikiza kuphedwa kwa anyaniwo ndi malonda a makala ootchedwa mobisa m'nkhalangomo, malonda amene ankadyetsa magulu a zigawenga ndi akuluakulu ena achinyengo, pamene ogula makalawo anali mabanja a mumzinda wa Goma amene analibe china chophikira. Alonda a nkhalangoyi oposa 200 aphedwa ali pa ntchito, ndipo ambiri mwa iwo anali ana a m'midzi yozungulira nkhalango yomweyo.