Kulowa ntchito ya boma kuno ku Harare: yambani mwaona dzina lanu

Nambala yanga ya EC, ija boma limapatsa munthu likamulemba ntchito, yatuluka, mtima wakhala pansi, ndiye ndati ndikuuzeni abale anga a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku zimene mukakumane nazo. Musanathamangire ku Public Service Commission, bungwe lolemba antchito a boma, yalani mapepala anu onse patebulo: satifiketi yobadwira yaitali ija yokhala ndi maina a makolo, chitupa, ndi satifiketi ya mayeso a ZIMSEC. Onani ngati dzina lalembedwa chimodzimodzi ponseponse.

Apa m'pamene ife ana a anthu ochokera ku Malawi timagwera. Pepala lina lalemba Phiri, lina Piri, chifukwa kalaliki wakale analemba mmene anamvera. Chilembo chimodzi chokhacho chinandibweza pa windo lina nditaima pamzere kuyambira mbandakucha, dzuwa mpaka kupendeka. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'choti palibe anayenda pamzerepo m'mawa kuona mapepala athu. Munthu walipira kombi, wasiya ana, kenako akumuuza mawu awiri okha kuti bwerani mawa! Mankhwala ake ndi afidaviti yolumbira pamaso pa commissioner of oaths yonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ikonzeni musanapite. Ngati cholakwa chili pa satifiketi yobadwira, kakonzetseni ku registry komweko kumene amapereka masatifiketi obadwira, chifukwa chidzakuvutitsaninso pa penshoni.

Ndaiwala, chitupa. Ngati chanu chikadali cholembedwa kuti alien, kasintheni kaye. Malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, ndipo iye mwini ankakhala konkuno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Tengani ndi zitupa za makolo ngati zilipo.

Zina n'zachidziwikire: ma O Level asanu kuphatikiza Chingerezi pa ntchito zambiri, makope odindidwa, ndi kalata ya apolisi ya zidindo za zala. Makope musadinditse msanga, chidindo chikakalamba amakana. Anyamata a pageti onena kuti ali ndi munthu m'kati, musawapatse ngakhale dola.

Dziwaninso kuti khomo si limodzi. Aphunzitsi, makalaliki, madalaivala ndi alangizi a zaulimi ali pansi pa Public Service Commission, anamwino ali ku Health Service Commission, ogwira m'makhoti ku Judicial Service Commission, apolisi ndi asilikali amalemba paokha. Pamzere paja mumamva zifukwa zosiyanasiyana. Wina akufuna payslip basi kuti azitha kutenga ngongole. Wina akuyang'ana penshoni ndi thandizo la kuchipatala, makamaka poti zaka zopumira anazikweza kuchoka pa 65 kufika pa 70. Namwino wachitsikana ananena poyera kuti akufuna zaka zochepa za luso kenako ulendo wa kunja, ndipo sindimuweruza, malipiro ake, ena m'madola ena mu ZiG, safika kumapeto a mwezi. Koma alipo ena oti ntchitoyi ili m'magazi. Mayi wina wa imvi amene anandilandira nditabwerera anatenga pensulo, n'kulemba kuseri kwa envelopu yanga zonse zosowa mwa ndondomeko yake, n'kunena kuti, "Mwanangu, usadzabwerenso pachabe." Anthu otere ndi amene agwirizira maofesi amenewa.

Akakuitanani, vomerani kuti angakutumizeni kulikonse, ngakhale ku Gokwe kapena ku Binga, osati mu Harare mokha. Tsegulani akaunti ya ku banki msanga, ndipo sungani ya thiransipoti ndi ya lendi ya miyezi ingapo, chifukwa malipiro oyamba sabwera nambala ya EC isanatuluke. Pa fomu ya ku bankiyo onaninso dzina, lifanane ndi la pa chitupa chilembo ndi chilembo.