Mmene ndinachotsera majumbo opyapyala m'golosale yanga

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti kuyambira pa 5 February 2025 boma liyamba kuthana ndi aliyense wopanga, woitanitsa kapena wogulitsa majumbo opyapyala, ine pansi pa kauntala ndinali ndi mabelo awiri a majumbo a buluu aja, limodzi losatsegula n'komwe. Golosale yanga ili pa Mponela, katundu ndimakaoda ku Malangalanga mu Lilongwe. Poyamba sindinatekeseke. Lamulo loletsa pulasitiki wopyapyala ndi la 2015, ndipo nthawi iliyonse boma likafuna kuliyendetsa, makampani opanga majumbo ankathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Khoti la Supreme linagamula mu July 2019 kuti lamuloli ligwire ntchito, koma majumbo pamsika sanachoke. Mu 2024 zinabwerezanso. Chiletso chomaliza chitachotsedwa kumapeto kwa January 2025, ndinaona kuti ulendo uno ndikapitiriza kuchedwa ndidzalirira kuutsi.

Ndinayamba ndi kufunsa, chifukwa pamsika aliyense amanena zake. Ena amati jumbo aliyense waletsedwa, ena amati a buluu okha. Ndinakwera galimoto kupita kwa DC ku Dowa, kuofesi yoona zachilengedwe. Bambo amene ndinawapeza anandilandira bwino n'kundifotokozera kuti nkhani si mtundu wa jumbo ayi, koma kuchindikala kwake. Woletsedwa ndi pulasitiki wosafika ma micron 60. Micron ndi muyeso waung'ono kwambiri. 60 amenewa ndi ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anandiuzanso kuti woyendetsa lamuloli ndi bungwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ndiponso kuti pali mapulasitiki ena amene lamulo linawapatula, monga okulungira buledi ndi machubu ofeseramo mbande za mitengo. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, ine wopanda makina oyezera ndidziwa bwanji kuti jumbo uyu wafika 60?" Yankho lawo ndi limene ndikutsatira mpaka lero: gulani jumbo amene padindidwa dzina la kampani yompanga ndi kuchindikala kwake, ndipo lisiti musataye.

Mabelo awiri aja ndinapita nawo kumene ndinawaoda. Anakana kuwalandira, ati katundu akatuluka watuluka. Zinandiwawa, chifukwa inali ndalama ya mpamba. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti ndizingowagulitsa mobisa mpaka athe. Ndinakana. Munthu sungabise jumbo, kasitomala amatuluka naye m'manja n'kuyenda naye msewu wonse, aliyense akuona kumene wachokera.

Kugula majumbo ochindikala kunali kosavuta, kungoti mtengo wake ndi wokwera, moti sindikanatha kumapereka ulere monga kale. Ndinadula katoni n'kulembapo ndi makala kuti jumbo tsopano ngogula, ndipo amene wabwera ndi chikwama chake salipira kanthu. Sabata yoyamba inali ya mikangano. Agogo ena amene amagula kwa ine kuyambira kale anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, sopo ndagula kwa iwe, chonyamulira ndigulenso?" Ndinawapatsa jumbo mmodzi wochindikala ulere, ndi kuwapempha kuti azibwera naye. Mpaka lero amabwera naye, wopindidwa bwino m'chitenje.

Pamene panandidyera mutu ndi pa katundu wopima pang'onopang'ono. Golosale ya kuno siyendera anthu ogula paketi yathunthu ya shuga. Imayendera wa shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi, wa mchere wa ndiwo za lero, wa kawokumani ka ufa, wa mafuta ophikira a masupuni angapo. Zonsezi tinkamanga m'timapepala topyapyala, ndipo kuika kashuga kotere m'jumbo wochindikala ndiye kuti phindu lonse lathera m'chokulungira. Ndinayesa njira zingapo. Mchere, shuga ndi nyemba ndinayamba kuika m'timatumba ta pepala la khaki. Timagwira bwino, bola tisakhale pachinyontho, choncho nthawi ya mvula sindimangiratu tambiri, ndimapima kasitomala ali pomwepo. Nyuzipepala ndimakulungira sopo, makandulo ndi machesi basi, chakudya ayi, chifukwa inki imatsalira. Mafuta ndiwo anandivuta kwa mwezi wathunthu. Pomaliza ndinagula kafanelo ndi timakapu toyezera, ndipo ndinauza amayi kuti azibwera ndi kabotolo kawo. Ena anadandaula, awiri atatu anasamukira kwa anzanga amene anali akumangabe m'timapepala. Ambiri anazolowera, ndipo ena anayamba kundiuza okha kuti m'botolo mafuta satayika ngati m'kapepala koboola ndi mano.

Ndinene chimene chinandilimbitsa mtima, poti si kuopa chindapusa kokha. Kwathu timaweta mbuzi, ndipo aliyense wopita kumene amaphera mbuzi pa Mponela pano anaonapo zimene zimatuluka m'chifu: majumbo opotana ngati chingwe. Mbuzi imadya jumbo wa mchere kapena wa chipisi chifukwa cha fungo, kenako imayamba kuwonda ikudya, mimba ili tuu. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi pulasitiki wopyapyala, nkhondo yawo anaiyamba ataona mbuzi za alimi zikufa motere. Ine ndinataya mbuzi yaikazi ya bere chaka china, ndipo poitumbula tinapeza zomwezo. Mwina ena mwa majumbo amenewo anatuluka m'golosale yanga yomwe.

Kwa mnzanga wa golosale amene sanayambe, ndondomeko imene inandithandiza ndi yomweyi. Pokaoda, tulutsani jumbo mmodzi m'belo muone ngati padindidwa, musangomvera pakamwa pa wogulitsa, chifukwa alipo majumbo ooneka olimba koma osalembedwa chilichonse. Malisiti ndimasunga m'kabuku komwe ndimalembamo ngongole, kuti oyendera akabwera ndisayambe kufufuza m'makatoni. Mtsikana amene amandithandiza kugulitsa ndinakhala naye pansi n'kumuuza kuti ngakhale kasitomala akalipe bwanji, belo lakale lija asalikhudze.

Chimene chikundipwetekabe n'chakuti majumbo opyapyala sanatheretu. Tsiku la msika mumawaona, ena akuti amalowa kuchokera kunja kwa dziko, ndipo amene akuwagwiritsa ntchito amagulitsa motsika kuposa ine. Ndikanakonda oyendera akanalimbikira kumafakitale ndi m'malire, kumene majumbowa amachokera, kusiyana ndi kuthamangitsa mayi wa tomato. Mabelo anga awiri aja ali m'chipinda chosungira katundu, ndinawamanga m'thumba la feteleza. Kuwotcha sindingawotche chifukwa cha utsi wake, kutaya kudzala ndiye kuwapereka kwa mbuzi zomwe zija. Ndikapitanso ku Dowa mwezi wamawa ndikafunsa kumene ndingakawasiye.